Achimwene, musathamangire RX 580 ya pa Facebook ija

Mnyamata wina wa ku Chiputula mu Mzuzu wandilembera imelo. Akumanga yekha kompyuta ya magemu, ali kale ndi purosesa ya Ryzen 5, RAM ya 16GB ndi sikirini ya 1080p, ndipo akufuna azisewera GTA V ndi mpira wa EA Sports FC. Pa Facebook wapeza wina akugulitsa RX 580 ya 8GB motchipa kwambiri, imene ndi graphics card (khadi yopanga zithunzi za magemu pasikirini). Akufunsa kuti agule kapena ayi.

Achimwene, graphics card imeneyo payokha si yoipa. AMD inaitulutsa mu 2017 ndipo magemu mwatchulawo imawakwanitsa. Chondidetsa nkhawa n'kumene yadutsa isanafike kwa inu. Anthu okumba Ethereum, ndalama ya pa intaneti imene inkapezeka pogwiritsa ntchito makompyuta, ankagula makhadi amenewa ambirimbiri n'kumawayatsa usana ndi usiku. Mu September 2022 Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi, onse aja anakhuthulidwa pamsika wa kaunjika, ena mafani akulira kale, thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pakhadi) itauma gwa. Palinso ina yolembedwa RX 580 2048SP, imene kwenikweni ndi RX 570 yovala dzina la mkulu wake. RX 580 yeniyeni ili ndi ma shader (tizigawo towerengera zithunzi) 2304, osati 2048. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaonetsa nambala imeneyi, choncho wogulitsa sangakuphimbeni m'maso.

Koma nkhani yaikulu kuno kwathu ndi magetsi, ndipo m'kalata yanu simunatchule n'komwe power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta. RX 580 imadya mawati 185. RX 6600 ya 2021 imaiposa patali liwiro koma imadya 132 okha. RTX 4060 ya NVIDIA, ya 2023, imangofuna 115. Khadi yodya pang'ono siitentha kwambiri, fani yake siivutika, komanso UPS yanu (batire yosunga magetsi a kompyuta) imakupatsani mpata wotseka kompyuta bwinobwino magetsi akathima. Mayunitsi nawonso amachedwa kutha, zimene kunyumba angakuthokozeni nazo.

Ineyo ndinaphunzira mochedwa. Ndinagula khadi yabwino n'kuilumikiza ku power supply yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, yopanda dzina lodziwika, chonsecho italembedwa mawati ochuluka. Tsiku lina magetsi atabwerera mwamphamvu, ndinangomva fungo la pulasitiki wopsa. Zonse ziwiri zinapita. Ndiye pezani power supply ya mawati 550 yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze (chosonyeza kuti siitaya magetsi ambiri), ndipo muone ngati ili ndi chingwe cha 8-pin cholowa pakhadi. Ka adaputala kotengera magetsi a khadi ku zingwe za SATA (zopita ku hard disk) musakayese dala.

Kuzizira kwa Mzuzu kumatithandiza, koma fumbi la October silisankha. Muzitsegula bokosi n'kupukuta mafani.

Ndikanakhala inu ndikanasunga ndalama miyezi ingapo n'kugula RX 6600. Ngati thumba likulola, RTX 3060 ya 12GB ndi yabwinonso, ngakhale imadya mawati 170. Ngati ndalama zake ndi za RX 580 basi, musatumize kalikonse pa foni musanaione. Muuzeni wogulitsayo abwere nayo, muiike mu kompyuta yanu, muyatse FurMark, pulogalamu yoyesa khadi poigwiritsa ntchito mwamphamvu, kwa mphindi 20. Pasikirini pakaoneka timizere kapena timadontho tachilendo, kapena kompyuta ikangozima yokha, m'bwezereni. Akakana kuti muiyese, akuti ali pachangu akuthamangira basi ya ku Karonga, mutsanzikeni mwaulemu azipita nayo.