Ndisiye kumwa amitriptyline? Yankho kwa mayi wa ku Chibavi

Mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, watilembera imelo. Kuchipatala anawapeza ndi matenda okhumudwa ndipo anawapatsa amitriptyline, piritsi limodzi la 25 mg usiku uliwonse. Papita masiku 10 koma mumtima simunasinthe. M'mawa akudzuka thupi lili lolemera, kukamwa kuli gwaa, ndipo anzawo kumsika akuwaopseza kuti amenewo ndi mankhwala a misala, ukayamba susiya. Akufunsa ngati kuli bwino kungowasiya.

Mayi, musawasiye panokha. Masiku 10 ndi ochepa kwambiri kuti mudziwe ngati mankhwalawa akukuthandizani. Khalidwe lake ndi lakuti zovuta zimatsogola, phindu n'kubwera pambuyo. Tulo ndi kuuma kukamwa zimayamba usiku woyamba womwe, koma kupepukidwa mumtima kumayamba kumveka pakatha masabata awiri kapena anayi, ndipo mphamvu yake yonse imaoneka pa masabata 4 mpaka 6. Kawirikawiri zimayamba kubwerera ndi kugona bwino ndi chilakolako cha chakudya, kenako mphamvu zogwirira ntchito. Chisangalalo chimabwera kumapeto, ndipo nthawi zambiri a m'nyumba mwanu ndi amene amayamba kuona kusintha inu musanakumve.

Komanso 25 mg ndi mulingo woyambira chabe. Kwa munthu wamkulu wodwala matenda okhumudwa, mulingo wochiza umakhala pakati pa 75 mg ndi 150 mg, ndipo adokotala amakweza pang'onopang'ono kuti thupi lizolowere. N'chifukwa chake tsiku lobwerera limene anakulemberani m'buku lanu lakuchipatala ndi lofunika kwambiri. Mukalijomba, mukhoza kukhala miyezi pa mulingo wochepa n'kumati mankhwala sagwira ntchito. Koma kukwezako si kwanu ayi, ndi kwa adokotala. Za anzanu aja, dziwani kuti piritsi lomwelo limaperekedwanso kwa odwala shuga kapena HIV amene mapazi amawawotcha usiku, ndipo palibe amene amawatchula amisala.

Zimene mukumvazo zili ndi njira yake. Ngati mumamwa cha m'ma 10 koloko usiku, yesani kumwa 7 kapena 8 koloko, kuti tulo take tithere usiku womwewo. Kulemera kwa m'mawako kumachepa pakatha sabata imodzi kapena awiri. Kukamwa kukauma muzimwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, osati zakumwa zotsekemera, chifukwa malovu akachepa mano amawola msanga. Amitriptyline amadzimbitsa, choncho chulukitsani masamba, mapapaya ndi nsima ya mgaiwa. Amatsitsanso kuthamanga kwa magazi mukaimirira mwadzidzidzi. Podzuka khalani kaye m'mphepete mwa bedi kwa mphindi imodzi, ndipo samalani ponyamuka pafupi ndi mbaula kapena ponyamula ndowa pamutu. Oyendetsa minibasi kapena kabaza asayendetse mpaka atadziwa mmene mankhwalawa akuwachitira. Mowa, kaya ndi chibuku kapena kachasu, umawonjezera tulo ndi chizungulire, komanso umakulitsa matenda omwe mukuchizawo.

Pali zina zosayenera kuzipirira. Mtima ukamagunda mothamanga kapena modumphadumpha, mukakomoka, mkodzo ukakana kutuluka, diso likafiira n'kumapweteka kwinaku mukuona mwachimbuuzi, kapena mutu ukasokonezeka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo musanamwe piritsi lina. Amene ali ndi matenda a mtima, khunyu kapena matenda a maso otchedwa glaucoma, ndiponso abambo achikulire amene mkodzo umawavuta kale, awauze adokotala asanayambe n'komwe.

Tsopano nkhani imene imatidetsa nkhawa kuposa zonse. Amitriptyline ndi woopsa kwambiri munthu akamwa ochuluka, chifukwa amasokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuyambitsa kukomoka kwa ngati khunyu. Mwana wamng'ono akhoza kufa ndi mapiritsi ochepa chabe. Musawasunge pawindo, pansi pa pilo kapena m'chikwama chopita nacho kumsika. Atsekereni m'sutikesi kapena m'kabati ya kiyi. Ngati mwana kapena wamkulu wamwa ochuluka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka kuti ali bwinobwino, popeza mtima ukhoza kusokonezeka patapita maola. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena makala a pa mbaula. Makala amene amapereka kuchipatala ndi ena, okonzedwa mwapadera, ndipo amathandiza kwambiri mkati mwa ola loyamba. Tengani kapepala ka mankhwalako kuti adokotala aone dzina ndi kuwerenga amene atsala.

Ngati maganizo ofuna kudzipha amakubwererani, nenani poyera kwa adokotala kapena anamwino, musachite manyazi. Akhoza kukupatsani mankhwala a sabata imodzi kapena awiri okha, n'kupempha wachibale kuti azisunga ndi kukupatsani mulingo wa usiku umenewo, kapena kukusinthirani ku fluoxetine amene sali woopsa chotero. Masabata oyambirira ndi ofunika kuwayang'anitsitsa, makamaka kwa achinyamata osakwana zaka 25, chifukwa mwa ena a iwo maganizo amenewa amakula poyamba mankhwala kapena posintha mulingo. Achibale, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumamupatsa mpata wolankhula. Chenjeraninso ndi kuchira kodabwitsa. Munthu amene mwadzidzidzi sakugona koma satopa, akulankhula osapumira, akumwaza ndalama ndi kudzitama zazikulu, sanachire. N'kutheka kuti mankhwala adzutsa matenda ena a maganizo otchedwa bipolar, ndipo ayenera kuonedwa mwamsanga.

Fluoxetine tamutchulayu ndi mankhwala ena amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala zathu, kapusozi wa 20 mg. Iyeyu amamwedwa m'mawa mutadya, chifukwa amabweretsa nseru ndi kuthawitsa tulo. Masiku oyamba ena amamva mutu ndi kusakhazikika, zomwe zimatha zokha. Chimene anthu amachita nacho manyazi ndi chakuti amatha kuchepetsa chilakolako cha m'banja kapena kuchedwetsa kumaliza. Ambiri amasiya mankhwala mwakachetechete pa chifukwa chimenechi, chonsecho adokotala akanatha kusintha mulingo kapena mtundu.

Kulikonse kumene mwapita kukalandira chithandizo, nenani kuti mukumwa mankhwalawa. Kuno malungo ndi osasowa, ndipo LA sagwirizana bwino ndi amitriptyline: amachititsa kuti amitriptyline achuluke m'magazi, ndipo onse awiri amakhudza mtima. Sitikunena kuti musachize malungo, koma amene akukulemberani LA adziwe kuti asankhe chochita. Rifampicin wa m'mankhwala a TB amafooketsa amitriptyline, pomwe ma ARV okhala ndi ritonavir akhoza kumuchulukitsa. Piriton amawonjezera tulo ndi kuuma kukamwa. Tramadol, mankhwala oletsa ululu, pamodzi ndi amitriptyline kapena fluoxetine akhoza kuyambitsa kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi, kusokonezeka mutu ngakhale kukomoka. Amene ali pa fluoxetine apewe kumwa brufen, aspirin kapena diclofenac pafupipafupi, chifukwa pamodzi amatha kutulutsa magazi m'mimba. Chimbudzi chakuda bii ndicho chizindikiro chake. Panado ndi wabwinopo.

Nanga n'zoona kuti ukayamba susiya? Ayi. Mankhwalawa saledzeretsa, ndipo sachititsa chibaba ngati fodya, mowa kapena chamba. Chimene chilipo n'chakuti thupi limawazolowera, moti mukasiya mwadzidzidzi mumamva chizungulire, nseru, maloto oipa, kupsa mtima ndi kuphwanya m'thupi ngati chimfine. Ambiri amayesa kuti matenda abwerera kapena kuti akodwa, pomwe vuto ndi kasiyidwe. Kusiya koyenera ndi kutsitsa mulingo pang'onopang'ono kwa masabata anayi kapena kupitirira, motsogozedwa ndi adokotala, ndipo amene amwa kwa zaka angafunike miyezi. Nthawi yosiya si tsiku limene mwayamba kumva bwino. Malangizo a 2023 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mupitirize kwa miyezi yosachepera 6 zizindikiro zitatha, popeza osiya msanga ndi amene matenda amawabwerera kwambiri. Mukatenga pathupi kapena ngati mukuyamwitsa, musasiye panokhanso, kambiranani ndi adokotala sabata yomweyo.

Mukaiwala usiku umodzi, pitirizani usiku wotsatira ndi mulingo wa nthawi zonse, musaphatikize. Popeza mankhwala nthawi zina amasowa m'zipatala, kalandireni ena kutatsala sabata imodzi kuti athe. Mukapeza kulibe, pemphani akulembereni kuti mukagule omwewo ku famase yovomerezeka. Musabwereke fluoxetine wa mnzanu kuti mutsekere mpata, ndiponso amene ali pa fluoxetine asalowe amitriptyline mwa iwo okha. Fluoxetine amakhalitsa m'thupi pafupifupi masabata asanu mutasiya, ndipo nthawi yonseyo amachulukitsa amitriptyline m'magazi.

Mankhwala amagwira bwino akamayendera limodzi ndi uphungu, makamaka ngati pali ngongole, maliro kapena nkhanza za m'banja zimene zikukuvutitsani. Kuno ku Mzuzu a St John of God amapereka chithandizo cha matenda a maganizo pamodzi ndi uphungu, ndipo zadzidzidzi monga kumwa mankhwala ochuluka ndi za ku Mzuzu Central Hospital, usana kapena usiku. Pobwerera pa tsiku lanu, mayi, tengani buku lakuchipatala, mapiritsi otsala, ndi mankhwala ena alionse amene mukumwa, ngakhale azitsamba. Lembani papepala nthawi imene mumamwa, maola amene mukugona ndi mmene mukudyera. Ngati masabata 6 akwana muli pa mulingo wokwanira koma palibe kusintha, funsani adokotala za kusintha mtundu wa mankhwala.