Majeke odziyendetsa okha paphiri la Zomba

Bambo ena a ku Blantyre andilembera kuti agula kalavani (kanyumba kogonamo kokokedwa ndi galimoto) yokhala ndi majeke odziyendetsa okha, aja mumangodina batani n'kuiwongola. Akufuna kukagona paphiri la Zomba, ndiye akufunsa ngati makinawo angathane ndi malo otsetsereka.

Bambo, mwanditosa pabala. Mayi a kunyumba mpaka lero amaifotokoza nkhaniyi kukabwera alendo.

Unali mwezi wa June, chiperoni chitagwira. Tinanyamuka mochedwa m'tauni, ndipo panjira tinatayanso nthawi kutsitsana mtengo ndi anyamata ogulitsa masitiroberi. Pofika chakumtunda kwa damu la Mulunguzi kunali kutayamba mdima, chifunga chili tolo. Phirili nsonga zake zimapitirira mamita 2,000, ndipo malo athyathyathya enieni ndi osowa. Ine osasamala. Ndinaimika pansi pa mitengo ya paini pomwe panangondikomera, n'kumasula kalavani kugalimoto, n'kudina batani ndi matama onse, ana akuonerera.

Majeke anayamba kulira n'kumatsika. Akumtunda anagunda pansi msanga. Akumunsi anatsika, kutsika, mpaka kutha utali wake wonse, tayala la mbali imeneyo n'kutsala lendelende m'malere, moti ukalikankha ndi phazi limazungulira. Kenako phazi la jeke imodzi linayamba kulowa m'dothi lonyowa lija, pang'onopang'ono ngati chala mu nsima. Makina anati pii pii, nyali yofiira n'kuyaka, basi zii. Ndinadinanso. Kachitatu batire linali litafooka, poti makinawa amadya moto wa 12V wochuluka, ndipo ukachepa amangokana.

Amene anatipulumutsa ndi mdala wina wolondera pamalopo. Anaunika ndi tochi pansi pa kalavani, osanena kanthu, n'kuchoka. Anabwerera ndi matabwa awiri ndi mwala. "Bwana, kolekaninso kugalimoto, tayala ili likwere apa." Majekewo tinawabweza ndi manja, thukuta kamukamu kuzizira konse kuja.

Ine chimandinyansa ndi mmene ogulitsa amanenera za zinthuzi, ngati kuti batani lili ndi maso. Makampani monga Lippert ku America kapena E&P ku Ulaya amapanga zida zabwino, zina za magetsi zina zoyendera oyilo, sindikutsutsa. Koma muganizire malo amene anthu ambiri ogula zidazi amakagona: pokonzedwa kale, pothira miyala kapena simenti, potsetsereka pang'ono chabe. Kuno kwathu mumaimika pamizu ya mitengo, pamchenga wa ku Chembe, padothi la ku Liwonde lomwe nthawi ya dzinja limameza ngakhale nsapato. Jeke ili ndi polekezera. Ikafika pamapeto yafika, ndipo kuikakamiza kunyamula matayala ndi kupinda chitsulo cha pansi pa kalavani. Komanso matayala ndi amene amagwira kuti isatsetsereke. Akakhala m'malere mwatsamira pa timiyendo topangidwira kunyamula, osati kukana kukankhidwa cham'mbali.

Malume anga anali mmisiri womanga nyumba ku Chinamwali, ndipo levulo yawo sinkachoka m'thumba. Ndinkawaseka kuti amayeza ngakhale benchi la kutchalitchi. Lero levulo yomweyo, yothetheka mbali imodzi, imakhala m'kabati ya kalavani yanga, ndipo ndimaikhulupirira kuposa kakompyuta koyendetsa majeke. Chifukwa chake n'chakuti makinawa amawongola molingana ndi muyeso womwe anawaikira poyamba. Muyesowo ukasokonekera, amakuuzani kuti zatheka pomwe msuzi wa nyemba wathawira mbali imodzi ya poto. Ngati mwagula yogwiritsidwa kale ntchito, yambani mwapita nayo pamalo a simenti osalala, muiwongole ndi levulo, muikenso muyesowo potsata buku lake.

Ndipo si nkhani ya tulo tokha ayi, ngakhale kugona mutu uli kumunsi kumadzutsa munthu ali ndi litsipa. Furiji ya gasi, ija yopanda injini, imadalira madzi a amoniya kuyenderera okha m'mapaipi. Ikapendekeka kupitirira madigiri 3 cham'mbali, madziwo amaima, furiji n'kusiya kuzizira, ndipo mukaizolowetsa choncho imafa osadzukanso. Yathu m'mawa mwake tinaipeza yofunda, soseji itayamba kale kununkha.

Ndiye mupange bwanji?

Fikani kukuwala, muyende pansi kaye n'kusankha malo musanaimike. Yezani ndi levulo kalavani ikadali kugalimoto. Mbali yotsika ikwezeni matayala pamatabwa, mutsekereze matayala onse ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, kenako mumasule. Pansi pa jeke iliyonse ikani thabwa lotakata. Batire likhale lodzadza, ana atuluke panja chifukwa akamayendayenda mkati makina amasokonezeka, ndiyeno dinani batani lanulo limalizitse. Tayala likangoyamba kunyamuka, imitsani musunthe.

Matabwa musavutike kunyamula kuchokera ku Blantyre. Ku Zomba kuno a paini ndi mbwee, akuchekerani mulingo womwe mukufuna. Anga ndi asanu ndi limodzi, awiri mwa iwo ndi omwe aja a mdala uja. Ndinawagula m'mawa mwake, ndipo anandidulitsa ndithu.