Stockfish ikuti King's Gambit ndi yofooka, ndiisiye?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Amakonda kutsegula chess ndi King's Gambit, 1.e4 e5 2.f4, koma Stockfish, pulogalamu ya pakompyuta yosewera ndi kuunika chess, yamuuza kuti akangotero zakuda zatsogola kale pang'ono. Akufunsa ngati aisiye.

Achimwene, mwandikanda pomwe pakunyerenyetsa. Ine chess ndinaphunzira kwa mphunzitsi wina wopuma pantchito, amene pabolodi pake pankakhala chitsekerero cha botolo m'malo mwa rook imodzi yoyera. Mkuluyo anali ndi malamulo ake okhwima. Ukangogwira pawn ya m'mphepete masewera atangoyamba, ankakumenya kadzanja: "Pakati, mwana iwe, nkhondo ili pakati!" Akanakhalapo mu 2017 n'kuona AlphaZero, pulogalamu ina ya chess, ikuthamangitsa pawn ya pa h, ya m'mphepete ija, mpaka pakhomo pa king wa mdani, n'kupambana nayo, kaya akanati chiyani. Lero akatswiri akuluakulu amakankha pawn imeneyo opanda manyazi.

Komatu kunyoza King's Gambit sikunayambe ndi makompyuta. Bobby Fischer atagonja kwa Boris Spassky ku Mar del Plata mu 1960, analemba nkhani chaka chotsatira kuti njirayi yatha ntchito, mankhwala ake ndi 3...d6. Nayonso Berlin Defence, njira ina yotsegulira ya zakuda, inkaoneka ya agogo, yogonetsa tulo, kufikira Vladimir Kramnik anaitulutsa ku London mu 2000, Garry Kasparov n'kulephera kupambana ngakhale gemu imodzi. Makina anadzavomereza pambuyo pake kuti Berlin ndi khoma lenileni.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi anyamata amene aloweza pamtima manambala amene Stockfish imawapatsa pafoni. Akakuuza kuti zoyera zatsalira ndi theka la pawn, afunse chifukwa chake, amangokanda kumutu. Nambala imeneyo imawerengera kuti mdani wanu sadzalakwitsa ngakhale kamodzi. Kodi amene mumasewera naye Loweruka uja ndi Magnus Carlsen, katswiri wamkulu wa chess? Mnzanu wa Lowerukayo queen wanu akangomuyandikira thukuta limayamba kutuluka.

Tsono muchite chiyani?

Musaisiye. Masewera akatha, ikani gemu yanu pa Lichess, webusaiti ya chess, muone pamene nambala inagwa kwambiri, nthawi zambiri si pa 2.f4 ayi, ndi kutsogolo uko. Phunzirani bwino yankho la 2...d5 ndi la 3...d6. Mukadzayamba kukumana ndi anthu oyankha zonsezi osaganiza n'komwe, mudzandilemberenso tikambe za njira ina yotsegulira, Ruy Lopez.