Kodi kuno kwathu mwana angakule yekha?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi. Akuti anawerenga buku la kamtsikana kamene makolo ake anakasiya kali kakang'ono, n'kukula kokhakokha popanda wokafunsa ngati kadya. Analimaliza pakati pa usiku misozi ili chuchuchu. Atafotokozera anzawo, anawaseka kuti zimenezo n'zachizungu, kuno mwana wa mnzako ngwako yemwe. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndinalira zachabe? Pajatu ine ndinakulira kwa azakhali, ndipo m'bukumo ndimadziona ndekha."

Mayi, simunalire zachabe.

Anzanuwo akunena zoona pang'ono. Kuno n'kovuta kuti mwana akhale m'nyumba yekha zaka ndi zaka anthu osamutola. Koma kutoledwa kwake kumakhala kotani? Mawu akuti "mtchona" sitinabwereke kwa azungu. Azigogo athu ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka Kamuzu analetsa ulendowo mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70. Ena mwa amene anapita m'zaka zimenezo sanabwerenso. Lero njira ndi yomweyo, angosintha ndi mabasi. Funsani ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay kuti ndi ana angati akuleredwa ndi agogo awo.

Kwathu ku Zolozolo tinakula ndi msuweni wanga amene bambo ake anatchona. Nsima ankadya nafe, yunifolomu anali nayo, bulangete la m'nyengo yozizira ya Juni tinkafunda limodzi. Koma ndimakumbukira mmene ankabwezera dzanja ndiwo zikamatha m'mbale, wina asanamuuze. Alendo akabwera, amayi ankatitchula mayina mmodzimmodzi, akafika pa iye n'kuti "uyu ndi wa achimwene aja." Foni ikalira madzulo ankasiya kutsuka mbale, khutu lili tcheru. Sanafunsepo kuti ndani waimba. Ine ndinazindikira zonsezi ndili wamkulu kale, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti tinkagona mphasa imodzi koma sindinamufunse n'kamodzi komwe za bambo ake.

Ndiye kusungulumwa kumene munakupeza m'bukumo n'kwathu komwe. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa kuno amakhala yekha m'nyumba yodzaza anthu, ndipo saloledwa kudandaula, poti akatero amva kuti ndi wosayamika. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake bukulo linakugwirani pamtima: kamtsikanako kanali ndi ufulu wonena poyera kuti kanasiyidwa, pamene inu munaphunzitsidwa kungothokoza. Kuthokoza azakhali anu n'koyenera ndithu, anagwira ntchito yaikulu. Kulira mayi amene sanalipo sikuchotsa kanthu pa ntchito yawoyo.

Mwalembanso kuti chimalizireni bukulo tulo tikukuvutani. Izi musazipeputse. Muno mu Mzuzu a St John of God akhala akuthandiza anthu pa za maganizo kwa zaka zambiri, ndipo ali ndi aphungu omvetsera nkhani ngati yanuyi. Mukadziwa mwana amene akuzunzika kumene akusungidwa, nambala yothandiza ana ya 116 ndi yaulere.

Msuweni wanga uja pano ali ndi ana ake awiri ku Luwinga. Nditawerenga imelo yanu ndinamuimbira foni, ndipo Loweruka likubwerali ndikukamuona.