Mng'ono wanu asangogona: yankho kwa achemwali a ku Bwanje pa nkhani ya MS ndi mafizo

Achemwali a ku Bwanje, mwafunsa ngati mng'ono wanu wa zaka 31, amene madokotala amupeza ndi matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis (MS), azichita mafizo kapena azingogona monga akunenera akuluakulu pakhomo, poti akangoyenda pang'ono miyendo imalemera, maso n'kuchita chidima. Pepani ndi matendawa. Asangogona ayi. Koma mafizo ake ali ndi muyeso, ndipo zimene mukuonazo zili ndi chifukwa chake.

Mitsempha ya muubongo ndi ya mumsana inakutidwa ndi kachikopa kamafuta kotchedwa myelin, monga waya wa magetsi amakhalira ndi pulasitiki kunja. Pa MS chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kumawononga kachikopako, ndiye uthenga wochoka ku ubongo kupita ku mwendo umachedwa kapena kudukira panjira. Mtsempha wosupuka chonchi umadana ndi kutentha. Thupi likangotentherako ngakhale ndi theka la digiri, uthenga umaima. Dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, anazilemba kale mu 1890 ataona odwala amene maso awo ankachita chidima akagwira ntchito yotenthetsa thupi. Sikuti matenda akukula. Munthu akakhala pamthunzi thupi n'kuzizira, zimabwerera m'malo, kawirikawiri ola lisanathe.

Chifukwa cha zimenezi, ngakhale madokotala kale ankauza odwala kuti azingopuma. Zinasintha ndi kafukufuku. Mu 1996 gulu la Jack Petajan ku Utah, m'dziko la America, linapalasitsa odwala MS njinga yoima malo amodzi mphindi 40, katatu pa sabata, kwa masabata 15. Mphamvu zinawonjezeka, kutopa ndi kukhumudwa kunachepa. Kafukufuku wotsatira sanapeze kuti zolimbitsa thupi zimadzutsa matendawa. Malangizo amene anatuluka ku Canada mu 2013 amati amene akutha kuyenda azichita zothamangitsa magazi mphindi 30 kawiri pa sabata, ndi zolimbitsa minofu kawirinso pa sabata. Mafizo sachiza MS, tisanamizane. Koma munthu wogona miyezi iwiri amakhala ndi kufooka kuwiri, kwa matenda ndi kwa kugona, ndipo kwachiwiriko n'kumene tingathe kukubweza.

Mphindi 30 zimenezi ndi kofikira, osati koyambira. Ayambe ndi kuyenda mphindi 5 pabwalo posalala, apume mphindi 3 atakhala pansi, ayendenso mphindi 5. Kuduladula chonchi kumapatsa thupi mpata wozizira, ndipo odwala ambiri amafika patali kusiyana ndi kuyenda kamodzin'kamodzi. Sabata iliyonse muziwonjezera mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Liwiro loyenera ndi loti akutha kucheza nanu akuyenda, koma sangathe kuimba nyimbo ya kwaya. Akadzuka mawa lake ali wotopa kuposa dzulo, mwapyola muyeso, bwererani pa mlingo wa sabata yatha. Ambiri amalakwitsa pa tsiku limene adzuka bwino: amachapa, amasesa, amapita kumsika, kenako masiku atatu ali gone.

Kwanu kuchigwako kutentha ndiye nkhani yaikulu, makamaka Okutobala ndi Novembala. Mafizo azichitika isanakwane 7 koloko m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Amwe kapu ya madzi ozizira a mumtsuko asanayambe, ndipo azimwako pang'onopang'ono ali mkati. Nyowetsani kachitenje mukakulunge m'khosi. Madzi osamba asamakhale otentha, ngakhale tinazolowera kuti wodwala timamuphitsira. Kukhitchini asakhale maso ndi maso ndi moto. Iye azisadzula ndiwo pakhonde, wina atakase nsima. Ngati muli ndi abale kumtunda, ku Lizulu, ku Tsangano kapena ku Dedza boma, miyezi yotenthayi akhoza kukapepukirako.

Zolimbitsa minofu sizilira makina. Chofunika kwambiri ndi kudzuka pampando ndi kukhalanso pang'onopang'ono, osadzigwetsa, mpando wake wofika m'mawondo ndipo wotsamira khoma. Chachiwiri, agone chagada pamphasa, apinde mawondo, anyamule matako m'mwamba, awerenge mpaka 5. Chachitatu, agwire zenera n'kumanyang'ama. Za manja, botolo la madzi la theka la lita limalemera theka la kilo, ndipo legeni ya chubu cha njinga imakwanira pokoka. Chilichonse ayambe ndi maulendo 5 kapena 6, cholinga chikhale 10 mpaka 15, apume, abwerezenso kachiwiri. Pakati pazikhala tsiku lopuma.

Ngati miyendo ikukungika, kuwongola minofu kukhale kwa tsiku ndi tsiku: katumba, kuseri kwa ntchafu ndi mkati mwa ntchafu. Kokani pang'onopang'ono mpaka amve kukoka koma osati ululu, mugwire pomwepo masekondi 30 mpaka 60. Mukakoka modzidzimutsa mwendo umalimbana nanu n'kuyamba kunjenjemera. Ena amapatsidwa baclofen wofewetsa minofu. Dziwani kuti odwala ena amaimira kukungika komweko, ndiye mankhwala akachuluka miyendo imangoti lobodo, munthu n'kulephera kuima. Zikatero kauzeni adokotala achepetse, koma musasiye mwadzidzidzi, n'zoopsa.

Tsopano kugwa, chifukwa kumeneku n'kumene kumagonetsa anthu ndi mantha. Mvetserani mmene akuyendera. Mukamva phazi limodzi likukhwekhwereza pansi, kapena nsapato yatha kutsogolo mbali imodzi, ndiye kuti phazi likulephera kudzuka ndipo chala chizikodwa pa kamwala kalikonse. Mapatapata achoke, avale nsapato zomanga zingwe. Pali kachipangizo kapulasitiki kogwira kuseri kwa mwendo ndi kunsi kwa phazi, kamene amapanga kumalo opangira miyendo ndi zothandizira kuyenda ku Kamuzu Central ku Lilongwe; a mafizo akhoza kukulemberani kalata. Ndodo aigwire ku dzanja la mbali yamphamvu, osati ya mwendo wofooka, ndipo msinkhu wake ufike pa mfundo ya dzanja pamene amavala wotchi ataima manja ali m'mbali. Yaitali imakweza phewa, yaifupi imapinda msana. Pabwalo zikani mapolo a bulugamu, mupingase mitengo iwiri ya mamita atatu yofika m'chiuno, pakati pokwana munthu mmodzi. Mmenemo aphunzire kuima mapazi ali pamodzi, kuponda cham'mbali ndi kutembenuka. Kuchimbudzi muike mpando woboola pakati ndi mtengo wogwira, chifukwa kudzuka ponjuta ndi miyendo yofooka n'kovuta zedi. Usiku pakhale tochi ndi chidebe m'chipinda. Amene mapazi ake ali ndi dzanzi amadalira maso kuti asagwe.

Kutopa kwa MS si ulesi, ndipo apongozi ndi amuna ake ayenera kumva zimenezi kuchokera kwa inu. Munthu amaoneka bwinobwino koma mphamvu zatheratu. Tengani kope, kwa masabata awiri azilemba chimene wachita ndi mmene watopera, kuyambira 0 mpaka 10. Mudzaona nthawi imene amakhala ndi mphamvu, kwa ambiri ndi m'mawa, ndipo ntchito yofunika iziikidwa pamenepo. Azipuma mphindi 15 asanatope, osadikira kuti agwe. Kuchapa, kusamba ndi kutsuka mbale achite atakhala. Chigubu cha malita 20 ndi makilo 20 pamutu pa munthu amene miyendo yake ikudzandira. Kumjigo kuzipita ena. Koma musamulande ntchito zonse. Amene wasanduka mlendo pakhomo pake amakhumudwa, ndipo kukhumudwa n'kofala kale pa matendawa. Akayamba kudzipatula, kusadya kapena kulankhula zotaya mtima, kanenani kuchipatala.

Mkodzo ambiri amachita nawo manyazi. Poopa kudzikodzera amasiya kumwa madzi, mkodzo umakhala wofiirira, chikhodzodzo chimatenga matenda, thupi limatentha, miyendo n'kufookeratu. Azimwa lita imodzi ndi theka mpaka awiri patsiku, achepetse tiyi ndi zakumwa za m'mabotolo, ndipo asiye kumwa maola awiri asanagone. Akakodza adikire pang'ono n'kuyesanso kuti chikhodzodzo chitheretu.

Akafooka mwadzidzidzi, yambani mwagwira thupi. Ngati latentha, kayezetseni malungo ndi mkodzo tsiku lomwelo. Mukachiza zimenezo mphamvu zimabwerera. Koma chizindikiro chatsopano, monga diso kusaona, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena dzanzi kukwera, chikapitirira maola 24 thupi lili losatentha, matenda ndiye adzuka. Pitani kuchipatala, kumene angamupatse mankhwala a methylprednisolone kwa masiku 3 mpaka 5 kuti zifulumire kutsika. Osagula mankhwala ofanana nawo a prednisolone pamsika n'kumamwa miyezi, amafewetsa mafupa ndi kukweza shuga. Mkodzo ukatsekeratu, thamangani osadikira kuche.

Kuti mudziwe ngati mafizo akuthandiza, yezani mamita 7.6 pansi posalala, mulembe mizere iwiri. Kamodzi pa mwezi, m'mawa, ayende mofulumira mmene angathere koma mosamala, inu muwerenge masekondi pa foni. Muyeso umenewu ndi womwe amagwiritsa ntchito pa kafukufuku, ndipo kusintha kwa 20 peresenti, mwachitsanzo kuchoka pa masekondi 10 kufika pa 8, ndiye kumatengedwa kuti n'kwenikweni.

Kwa ena m'gulu muno amene mukuti m'bale wanu nayenso ali ndi zofanana: MS si yofala kuno kwathu, ndipo kuitsimikiza kumafuna MRI, makina ojambula mkati mwa ubongo ndi msana. Miyendo imafookanso ndi TB ya msana, HIV, chindoko, kuchepa kwa vitamini B12, ngakhale likodzo likalowa mumsana, lomwe ndi losasowa kumadera a mpunga ndi kunyanja. Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala munthu akafika msanga. Pali matenda enanso ofanana ndi MS otchedwa NMO, amene mankhwala ake ndi osiyana. MS si yopatsirana, muzidyera naye mbale imodzi.

Inu achemwali, yambirani ku chipatala cha boma ku Ntcheu mufunse a mafizo kuti amuone ndi maso awo ndi kukonza zimene talembazi molingana ndi thupi lake. Pakafunika kugonekedwa kuti aphunzitsidwe kwa masabata angapo, afunseni za chipatala cha mafizo cha Kachere ku Blantyre. Popita musaiwale buku lake la kuchipatala, zotsatira za MRI, mankhwala onse amene akumwa, nsapato imene amavala masiku onse ndi kope lija.