Kodi chionetsero cha zovala chingagulire chipatala matiresi?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Zomba, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano. Iwo ndi mlembi wa gulu la amayi pa tchalitchi chawo. Akuti ku wadi ya amayi oyembekezera pachipatala cha kwawo ena akugona pasimenti, ndiye gululo likufuna kugula matiresi ndi mabulangete. Atsikana a m'gululo abwera ndi ganizo loti achite chionetsero cha zovala chonga cha Met Gala chomwe amachiona pafoni, koma amayi akuluakulu akukayika. Funso lawo alifunsa motere: “Kodi zimenezi zimabweretsadi ndalama, kapena tingotchena tsiku limodzi n'kutsala ndi ngongole?”

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Zovala zimabweretsa ndalama ndithu, ndipo atsikanawo musawagwetse mphwayi. Koma amayi akuluakuluwo sakukayika pachabe. Ndalama yomwe idzagule matiresi si imene idzalowe pakhomo tsiku limenelo ayi, koma imene idzatsale mukalipira aliyense amene akuyembekeza malipiro. Pamenepo ndi pamene magulu ambiri amagwera, aang'ono ndi aakulu omwe.

Ndiyambe ndi Met Gala, poti ndi imene yakopa atsikana. Mwambowu umachitika ku New York Lolemba loyamba la mwezi wa Meyi. Unayambitsidwa mu 1948 ndi mayi wina dzina lake Eleanor Lambert, ndipo nthawi imeneyo tikiti inali madola 50. Mu 2024 tikiti ya munthu mmodzi inafika madola 75,000, ndipo mu 2025 eni ake analengeza kuti atolera madola 31 miliyoni. Chimene ambiri sachidziwa n'choti ndalamazo sizipita kwa odwala kapena kwa ana amasiye. Zimayendetsa Costume Institute, nthambi yosunga zovala ya nyumba yosungira zinthu zakale ndi zaluso ya Metropolitan Museum of Art. Komanso matebulo ambiri amagulidwa ndi makampani akuluakulu a zovala, omwe amaitana anthu otchuka kuti adzavale zovala zawo n'kujambulidwa. Kwa makampaniwo imeneyi ndi njira yotsatsira malonda. Choncho kukongola kumene mukukuona pa zithunzizo kuli ndi amene akukulipira. Inu mukati mukopere kukongolako popanda wokulipirirani, ndiye kuti alipira ndi mayi uja akugona pasimenti.

Pali nkhani ina yomwe ndikufuna muiwerenge pamsonkhano wanu. Naomi Campbell, mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri oonetsa zovala padziko lapansi, anayambitsa Fashion for Relief mu 2005. Bungweli linkachita zionetsero zazikulu ku London ndi ku Cannes m'dziko la France, anthu otchuka n'kumadzaza holo. Mu Seputembala 2024 bungwe la boma loyang'anira mabungwe achifundo ku England ndi Wales, Charity Commission, linatulutsa zotsatira za kafukufuku wake. Linapeza kuti pakati pa Epulo 2016 ndi Julayi 2022, pa mapaundi 100 aliwonse amene bungwelo linagwiritsa ntchito, 8 ndi theka okha ndi amene anaperekedwa ngati thandizo. Zina zinapita ku zinthu monga hotela yapamwamba ku Cannes. Campbell analetsedwa kuyang'anira bungwe lachifundo kwa zaka zisanu. Iye anatsutsa chigamulochi, ponena kuti si iye amene ankayendetsa ndalamazo. Sindikubweretsa nkhaniyi kuti ndiweruze munthu. Ndikuibweretsa chifukwa aliyense amene ankaona zithunzi za zionetserozo ankati zinthu zikuyenda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine zoterezi zinandichitikirapo, ngakhale zathu zinali zazing'ono. Zaka zingapo zapitazo ndinali mu komiti yokonza chionetsero chothandizira ana ena kugula yunifolomu. Tinachita lendi holo m'tauni, tinaitana okongoletsa, a zokuzira mawu, wojambula ndi MC. Oonetsa zovala anafunika chakudya ndi thiransipoti ya masiku okonzekera. Tsikulo holo inadzaza mpaka ena anaima kumbuyo, ndipo tonse tinapita kunyumba mitima ili mbee. M'mawa mwake tinakhala anthu anayi patebulo, msungichuma n'kukhuthula ndalama m'chikwama. Tinayamba kuika milu: uwu wa holo, uwu wa okongoletsa, uwu wa zokuzira mawu. Mulu uliwonse ukachoka, wa ana uja unkacheperachepera. Pomaliza msungichuma anangokhala chete, dzanja lili patsaya. Zotsalazo sizinakwane ngakhale theka la mayunifolomu amene tinalonjeza, ndipo ine ndi amene ndinapita kukawauza aphunzitsi.

Tili pomwepo anafika agogo ena a mumpingo mwathu. Iwo sanali m'komiti. Anangopempha kathebulo pafupi ndi khomo kuti agulitsirepo zovala zomwe anthu anapereka, atazichapa ndi kuzisita okha kunyumba kwawo. Anamasula mfundo ya pangodya ya chitenje, natulutsa ndalama zopindapinda, zambiri zing'onozing'ono, naziika patebulo. Pa ndalama imeneyo panalibe wobwera kudzatengapo gawo. Titawerenga, inaposa zimene zinatsala pa matikiti onse. Kuyambira tsiku limenelo ndimati chionetsero ntchito yake ndi kuitana anthu, koma ndalama ili pa kugulitsa.

Zimenezi si zachilendo. Bungwe la Oxfam linatsegula sitolo yake yoyamba mumsewu wa Broad Street ku Oxford kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, n'kumagulitsa zinthu zimene anthu apereka, ndipo lero masitolo otere ali m'matauni ambiri a ku Britain. Abale athu okhala kumeneko amawadziwa bwino. Kuno kwathu DAPP imagulitsa kaunjika m'masitolo ake, ndipo ndalamazo zimathandizira ntchito zake monga sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya Chilangoma. Chinsinsi chake n'chimodzi: katunduyo wabwera mwaulere kapena motsika mtengo kwambiri, ndipo palibe amene akulipira maluwa ndi magetsi amitundumitundu.

Koma chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha Diana, mayi wa Prince William. Pa 25 Juni 1997 kampani ya Christie's inagulitsa madiresi ake 79 pa okushoni ku New York. Ganizoli linachokera kwa William, yemwe nthawi imeneyo anali kamnyamata. Madiresiwo anabweretsa madola oposa 3 miliyoni, ndipo ndalamazo zinapita kothandiza odwala khansa ndi Edzi. Diresi limodzi la buluu wakuda, lomwe anavala povina ndi katswiri wa mafilimu John Travolta ku White House mu 1985, linagulidwa madola 222,500. Patangotha miyezi iwiri Diana anamwalira. Taganizirani, mayi. Palibe nsalu yatsopano imene inagulidwa. Madiresiwo anali ovalavala, ongokhala m'kabati. Anthu sanalipire nsaluyo, analipira mwini wake ndi tsiku limene analivala.

Inu mulibe Diana, koma muli ndi anthu amene mpingo wanu umawakonda. Jekete limene abusa analalikira nalo zaka khumi, chipewa cha mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito amene anaphunzitsa theka la anthu a m'dera lanu, chitenje chimene amayi oyambitsa gulu lanu anavala tsiku lotsegulira tchalitchi. Zinthu zimenezi pamsika wa kaunjika sizingapite patali, koma pamaso pa anthu owadziwa eni akewo, MC akafotokoza mbiri yake, mtengo umakwera wokha. Okushoni Amalawi timaidziwa, fodya takhala tikugulitsa choncho ku Limbe ndi ku Kanengo. Pemphani zinthu zochepa zotere, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo muzisunge mpaka anthu atatenthedwa.

Tilinso ndi chinthu chimene a ku New York alibe, perekaniperekani. Musalembe ganyu akatswiri oonetsa zovala. Ayende ana anu, azibambo a kwaya, agogo ovala chilundu ndi duku. Mwana akatuluka atavala diresi lachitenje, amalume ake sangakhale pampando. Adzanyamuka kukafupa, azakhali nawo sadzalola kupitiriridwa. Ikani lichero kapena beseni kutsogolo, anthu awiri odalirika aziima pomwepo. Ndipo chovala chilichonse chikangoyenda, chigulitsidwe nthawi yomweyo maso a anthu adakali pa icho. Mukadikira kumapeto, anthu amakhala ayamba kuganiza za minibasi.

Musanasindikize tikiti ngakhale imodzi, khalani pansi ndi pepala mulembe chilichonse chofuna ndalama, ndipo pambali pake mulembe dzina la amene apereke chinthucho mwaulere. Holo ya tchalitchi ilipo. Zokuzira mawu za kwaya zilipo. Zokongoletsa ndi zitenje zanu zomwe. Chinthu chimene chasowa wopereka, mudzifunse ngati mwambowo ungalephereke popanda icho. Nthawi zambiri mudzapeza kuti ungachitike. Ine ndikanakhala m'komiti mwanu, sindikanalola kuti zolipira zidye ndalama yoposa kwacha imodzi pa makwacha asanu alionse amene mukuyembekeza. Ameneyu ndi muyeso wanga chabe, si lamulo, koma muikiretu malire anu ndipo muwalembe m'buku la msonkhano.

Pa atelala ndiimepo pang'ono, chifukwa nkhani yawo imandikhudza. Kawirikawiri timapita kwa telala wa pakhonde la golosale, munthu amene amadya tsiku limene wasoka, n'kumuuza kuti asoke madiresi khumi mwaulere poti ndi ntchito ya Mulungu. Iye amavomera chifukwa cha manyazi, kenaka sabata yonse makina ake amagwira ntchito yosalipidwa ana ake akudikira ufa. Kumeneko n'kuchotsa kwa wosauka mmodzi kupatsa wosauka wina. Nsalu mupemphe kwa eni masitolo kapena musonkherane. Telala mugwirizane naye poyera: apereke chovala chimodzi ngati chopereka chake, zinazo mumulipire msoko kapena mugawane mtengo wake chikagulitsidwa. MC atchule dzina lake ndi pamene amapezeka nthawi iliyonse chovala chake chikutuluka. Akapeza makasitomala atsopano, chaka chamawa adzabwera yekha.

Zovala zopereka nazo zimafuna kulimba mtima. Uzani anthu kuti abweretse chovala chimene angapatse mlamu wawo osachita manyazi. Zong'ambika, zothimbirira, nsapato za phazi limodzi, zikaneni mwaulemu. Zotsalazo zichapidwe, zisitidwe, zipachikidwe pa chingwe, chilichonse chili ndi kapepala ka mtengo. Tumani munthu kumsika akaone mitengo ya kaunjika sabata yomweyo, chifukwa ogula anu amaidziwa mitengoyo kuposa inu. Tsiku lake likhale la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira. Masiku oyandikira Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala ndi abwino, poti ambiri amakhala akufunafuna chitenje chogulira amayi awo. Januwale ndi Febuluwale musayerekeze, ndalama zonse zimakhala zili ku chimanga ndi feteleza.

Wina angadzabwere kwa inu, mwini sitolo kapena wosoka wodziwika, n'kunena kuti gawo la zomwe agulitse tsikulo lipita ku matiresi. Mumuthokoze, kenaka mumufunse kuti gawolo ndi lochuluka bwanji, alembe. Kampani ya MAC itayamba kugulitsa lipisitiki ya Viva Glam mu 1994 pothandiza anthu okhudzidwa ndi Edzi, inanena poyera kuti mtengo wonse wa lipisitikiyo upita ku thandizo. Si aliyense angakwanitse zimenezo, ndipo palibe vuto ngati wina akupereka kagawo kochepa. Chofunika n'choti wogula adziwe kuti pa ndalama yake zingati zikafika kuchipatala.

Ndalama iwerengedwe tsiku lomwelo, anthu osachepera atatu alipo, onse asainire. Ngati ena atumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala yake ikhale imodzi yodziwika, ndipo mauthenga ake aonedwe ndi anthu awiri. Lamlungu lotsatira muime kutsogolo muwerenge zonse, zolowa ndi zotuluka, ngakhale ya sopo wochapira. Sikuti mukukayikira msungichuma wanu. Mukumuteteza ku miseche, yomwe yapasula magulu ambiri a amayi amene anayamba bwino.

Chimodzi chimene simunafunse koma chiyenera kuyamba ndi ichi: pitani kaye kuchipatalako mukalankhule ndi namwino wamkulu wa wadiyo. Matiresi a m'chipatala amafunika okutidwa ndi chinthu chosalowa madzi kuti azipukutika, ndipo mukagula a siponji wamba satenga miyezi ingapo asanatayidwe. Mwinanso adzakuuzani kuti chosowa kwambiri ndi mabedi, osati matiresi. Mufunse mtengo wa matiresi amodzi otere, kuti MC azitha kuuza anthu kuti jekete la abusa langogula matiresi awiri. Ndipo tsiku lokapereka katunduyo, ndikupempheni, mayi, mafoni akhale m'zikwama mukalowa m'wadi. Amayi amenewo ali pa nthawi yovuta, ena ali mu ululu, ndipo palibe amene wavomera kuti nkhope yake iyende pa Facebook. Jambulani matiresiwo ali panja, ndi anamwino amene alola.

Mukakumana Lachinayi likubwerali, atsikana muwapatse chionetserocho achiyendetse, amayi akuluakulu atenge thebulo logulitsira ndi buku la ndalama. Mukalemba pepala lija la zolipira munditumizire ndilione musanalipire kalikonse.