Khomo lothawira linali ndi unyolo

Achimwene, pa zoti mumange nyumba yosungira katundu yotambalala kapena yansanjika, amene akukuuzani kuti chinyumba chotambalala chopanda nsanjika n'chosaopsa chifukwa mulibe masitepe, sanagwiremo ntchito usiku. Ine ndagwiramo zaka 3, mosungira katundu, ndipo mpaka lero mvula ikamagunda pamalata mtima umandithamanga.

Denga lalikulu chotero limakhala ngati lathyathyathya, madzi amadalira ngalande ndi mapaipi kuti atsike. Athu anali atatsekeka ndi zinyalala. Tinanena kangapo. Usiku wina mvula inavumba osakata, madzi n'kudikha pamwamba. Kumbukirani kuti lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye madzi akuya masentimita 10 pa sikweya mita imodzi ndi makilogalamu 100. Denga likayamba kupindika, madzi onse amathamangira pomwepo, likupindikirabe. Tinangomva zitsulo zikulira, kenako phuu! madzi kukhuthukira pamashelefu, magetsi thii. Nyali zangozi sizinayake. Pakatikati pa nyumba yotere palibe windo, mdima wake sudziona ndi dzanja lomwe. Ndinathamanga ndikupapasa mashelefu, madzi m'akakolo, makatoni akugwa kumbuyo kwanga, mnzanga akukuwa dzina langa koma osadziwa ali mbali iti. Ndikufika pakhomo lothawira, unyolo ndi loko! Ndinaligwedeza mpaka zala kutuluka magazi. Tinabwerera mumdima momwemo kukafuna khomo lolowera magalimoto, kutsidya lina la nyumba.

Anamanga unyolowo ndi bwana wathu, ati katundu akubedwa. Kutacha anayamba ndi kuwerenga makatoni onyowa asanafunse ngati tonse tatuluka amoyo. Munthu ameneyo sindidzamukhululukira.

Komabe mangani yotambalalayo, musaope. Folokilifiti, galimoto yonyamulira katundu, imayenda bwino pansi pamodzi, simudikira chikepe, ndipo katundu wolemera amakhala pa simenti yapansi. Onani Pentagon, likulu la asilikali ku America, inatha kumangidwa mu 1943, nsanjika 5 zokha pamwamba pa nthaka, makonde ake pafupifupi makilomita 28, koma anaikonza moti munthu amafika paliponse m'mphindi pafupifupi 7. Uzani wojambula pulani akuonetseni mtunda wochoka pakatikati kufika pakhomo lapafupi, aike mapaipi apadera otaya madzi akasefukira padenga, ndipo makomo othawira azitseguka pongokankha kuchokera m'kati. Ngalandezo muzikwera kukaziona nokha mvula isanayambe.